Bulaza Amene Ankasewera pa Madzi Oundana

Nditatumizidwa ku Mzuzu, anandiika kuchipinda chowongolera ziwalo, kumene anthu amaphunzira kuyendanso akathyoka kapena akachitidwa opaleshoni. Mwa odwala anga munali bulaza wina wachikatolika, mzungu wokalamba wa ku Canada, amene ankavutika ndi bondo. M'mwezi wa Juni, ife titadzikuta majuzi, iwo ankabwera atavala malaya a manja aafupi, n'kutipatsa moni m'Chitumbuka chosalala. Ine wa ku Dedza ndinkangoyankha kuti yewo.

Bondo lawolo linali ndi zipsera zakalekale, ndipo mphuno yawo inali yopindikira kumanzere. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Kodi a Bulaza, munagwapo pa njinga yamoto?"

Anaseka, n'kundionetsa kuti mano awo akutsogolo anali oikirira. "Yayi, amama. Imeneyi inali ntchito yanga ndisanalowe chipani cha abulaza. Ndinkalipidwa posewera hoke."

Anandifotokozera kuti kwawoko madzi amaundana ndi kuzizira, n'kuuma gwaa ngati simenti. Osewera amavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi, n'kumatsetsereka mwaliwiro, akukankha ndi ndodo kamphira kakuda kolimba ngati chidendene cha nsapato. A Bulazawo ankasewera kutsogolo, mbali ya kumanzere. Pa nthawiyo osewera sankavala zipewa zodzitetezera.

Mlungu uliwonse, ndikuwapinda mwendo, ankawonjezera pang'ono nkhani yawoyo. Anayambira padziwe la kumudzi kwawo, kenako timu ya m'tauni ina ya migodi inawatenga. Ankayenda maulendo ataliatali pasitima, akugona chokhala. Nyengo yozizira ikatha ankakagwira ntchito kocheka matabwa. Ndinawafunsa ngati ankamwetsa zigoli zambiri.

"Zochepa chomene," anatero. "Ntchito yanga inali kukalanda kamphira kukona, kumene anthu amakufinyira kukhoma, n'kupatsira mnzanga wodziwa kugoletsa. Iye ankatuluka m'nyuzi, ine madokotala ankandisoka mabala."

Analankhula zimenezi mopanda kudandaula. Anati chaka china timu yaikulu ya mumzinda inawaitana chifukwa wosewera wake anali atavulala. Anasewera kumeneko pamaso pa chikhamu chimene anali asanachionepo, mpaka mwini malo atachira. Kenako anawauza kuti abwerere kumene anachokera, iwo n'kunyamula chikwama chawo. Anaseweranso zaka zingapo kumigodi kuja, kufikira bondo litakana.

Ndinkawakhulupirira, komabe m'maso mwanga anali nkhalamba yotsimphina basi. Ndiye m'mawa wina anapeza amayi okolopa atangomaliza kupaka polishi m'khonde, pansi pakuwala. Chivindikiro cha chitini cha polishiyo chinali pansi. A Bulaza anaima, n'kutembenuza ndodo yawo yoyendera, chogwirira chili pansi.

"Amama, taikani mpando uko kumapeto."

Ndinauika, ndikuseka. Iwo anawerama pang'ono, n'kuyamba kuseweretsa chivindikiro chija uku ndi uku, mofulumira moti maso anga sanathe kuchitsata. Mapewa aja anasintha, nkhope inasintha. Sanakweze mkono ayi, anangopotoza dzanja. Chivindikiro chinathamanga khonde lonse n'kudutsa pakati pa miyendo ya mpando, kukagunda khoma kuti phwaa!

Amayi okolopa anakuwa kuti, "A Bulaza, werezganiso!" kuwapempha kuti abwereze. Odwala amene ankadikira pabenchi anaomba m'manja. Mnyamata wina wa kabaza, wothyoka ntchafu, amene kwa milungu anali kukana kuponda pansi, anadzikoka n'kuimirira kuti aone bwino. A Bulaza anabwereza, ndipo chinalowanso. Kachitatu anakana, akuti bondo layamba kulankhula.

Pambuyo pake ndinawafunsa ngati sizinkawapweteka kuti ku Mzuzu kuno palibe amene ankadziwa zimene anali.

"Ngakhale kwathu ndi ochepa amene akukumbuka," anayankha. "Koma anzanga amene ndinkasewera nawo ankakonda kukhala mbali yanga. Zimenezo n'zokwanira."

Bondolo silinachire kwenikweni, ndipo akuluakulu awo anaganiza zowabweza kwawo kuti akasamalidwe. Ndinakumana nawo komaliza pamsika waukulu, akugula zitenje zoti akapatse ana a mlongo wawo. Ankanenerera mtengo m'Chitumbuka, mayi wogulitsa akufa ndi phwete. Atandiona anandipempha kuti ndiwasankhire, poti iwo mitundu sankaidziwa. Ndinawasankhira ziwiri zobiriwira ndi chimodzi chachikasu, n'kuwaperekeza mpaka pagalimoto.