Tchuthi cha Matipate

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene sukulu inakhala yaulere. Masiku amenewo chabwino chilichonse kwathu ku Thambani tinkati chabwera ndi matipate, ngakhale mvula ikagwa bwino. Choncho bambo, amene ankalonda kumalire, atafika Lachinayi n'kunena kuti apuma mpaka Lolemba, sindinafunse zambiri. Ndinangoti boma latsopanoli n'lokoma mtima.

Chaka chimenecho ndinali m'gulu la atsikana ovina pa Misa ya Pasaka. Diresi loyera linali litasokedwa kale, amayi atagulitsa nkhuku yawo yoikira. Madzulo a Lachinayi lomwelo, tili pamzere, akatekisiti anafunsa kuti, "Kodi tchuthi chimenechi chinachokera kuti?"

Ine, wapakamwa chibadwire, sindinadikire n'kulozedwa komwe. "Chabwera ndi matipate!"

Anzanga anafa nacho chiseko. Akatekisiti sanaseke. "Wovinira boma akavine kumsonkhano," anatero, n'kundichotsa pamzere.

Amayi sanandimenye. Lachisanu anandipereka kwa a Joakina, mayi wa ku Mozambique amene anatsalira m'mudzi mwathu anzawo othawa nkhondo atabwerera, kuti ndikayende nawo Njira ya Mtanda. Iwo ankayenda opanda nsapato, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinkangowerenga malo ogwadira kuti tithe msanga. Pamalo achinayi, pamene Yesu akumana ndi amayi ake, anthu onse ananyamuka n'kupitirira, koma a Joakina anatsala chigwadire pamiyala. Ndinaima pambali pawo, manyazi atandigwira.

Pobwerera anandiuza akuyang'ana kutsogolo kuti, "Mwana wanga wamwamuna anamutenga asilikali ine ndikuona. Ndinamutsatira mpaka pamtsinje, anandibweza ndi mfuti. Tchuthichi chinayamba choncho, mwanawe, mayi akutsata mwana wake. Boma linangochipeza."

Lamulungu ndinakhala pabenchi anzanga akuvina, ndipo zinandiwawa kwambiri. Chaka chotsatira diresi lija linali litandichepera, analivinira mng'ono wanga.

Lero ndimagwira ntchito muofesi pa Boma, ndipo Pasaka ikayandikira nanenso ndimawerenga masiku opuma ngati aliyense. Ndinazindikira ndili wamkulu kuti amayi akanatha kundibweza kwa akatekisiti kuti ndikaloweze yankho, koma anasankha munthu amene yankholo linamuchitikira. A Joakina anamwalira mwana wawo osamuonanso. Pamalo achinayi sindifulumira kunyamuka.