Nembo za ambuya Lozina

Fungo la masamba a matimati likandifika m'mphuno, ndimaona ambuya Lozina atawelama m'dimba lawo ku Nyampande, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo, akukalipila mbuzi za eni ake ngati zimamva. Anali amai awo a atate anga. Anabwela kuchokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali ndi mwana kumbuyo, ndipo anzawo atabwelela kwawo, iwo anatsala. Za kwawoko sankazikamba. Ine ndinali mtsikana wa mafunso osatha, koma ndikafunsa ankangoti, "Tapa madzi iwe, mafunso sathilila munda."

Chimene chinkandisowetsa mtendele kwambili chinali nembo zawo, timizele tomwe anawatema m'masaya ali mtsikana. Ndani anawatema? Ndi chiyani? Sizinapweteke? Yankho linali chitini cha madzi basi.

Ndili mu giledi sikisi, a Tembo, ogula mbuzi amene ankafika mpaka tsidya la malile, anatipeza kudimba. Anati kumudzi wina anakumana ndi mai wokalamba dzina lake Malita, amene ankafunsa aliyense wochokela ku Zambia za mng'ono wake Lozina. Anthu anali atamunamiza kawili, nakhala akuyembekezela pachabe.

"Akuti safuna nkhani za pakamwa," anatelo a Tembo. "Akuti mubweletse chithunzi, nizamuziba na nembo."

Ambuya anakhala pansi pa mzele wa anyezi, chinthu chimene ine akanandimenyela.

Loweluka tinakwela lole kupita ku Petauke, kwa a Mwanza ojambula, m'kachipinda konunkha fumbi lotentha ndi mafuta odzola. Anawajambula pakhonde, nalowetsa chithunzi mu kompyuta. Ine kompyuta ndinali ndisanaionepo, ndipo ndinasendela mpaka mpweya wanga unachita nthunzi pagalasi. Nkhope ya ambuya inatuluka yakuda bii, chifukwa kuwala kunali kumbuyo kwawo. A Mwanza anakoka kadontho kena pansi pa chithunzi, nkhope ija n'kuyamba kuyela pang'onopang'ono ngati kukucha. Ndinatsegula pakamwa. Anakokanso, napukuta m'masaya, makwinya onse n'kutha.

"Manje mwaoneka monga mtsikana, amai," anatelo monyada.

Ambuya anayang'anitsitsa. "Ni ndani uyu?"

"Ndimwe."

"Ine? Nanga nembo zanga mwapeleka kuti?"

"Nafuta. Onse amene amabwela muno amafuna kuwala."

"Ine sin'nabwele kufuna mwamuna, bambo. Bwezani nembo zanga."

A Mwanza anaseka, koma atamva za Malita kuseka kunatha. Anabwelela ku chithunzi choyamba chija: nembo sizinkaoneka. Anawajambulanso kawili pamalo owala, koma nembozo zinali zitazilala ndi ukalamba, mtundu wake n'kufanana ndi khungu, ndipo kamela sinkazigwila. Ndinachita mantha. A Tembo ankanyamuka Lolemba, ndipo kukapeleka nkhope yopanda nembo kukanakhala kumunamiza Malita kachitatu.

"Nanga kadontho kenako kamachita chani?" ndinafunsa, ndikuloza kachiwili. Ambuya ananditsina pantchafu, koma a Mwanza anayankha.

"Aka kamapatula. Chakuda chimadelako, choyela chimayelelako. Anthu sakakonda, kamaonetsa vonse."

Atanena zimenezo anakakoka. Anapitiliza muyeso, nkhope n'kukhala ngati khala, maso okha ali mbee. Anabweza pang'ono, nawalitsa pang'ono, nabwezanso, lilime lili panja ngati mwana wophunzila kulemba. Ndipo timizele tija tinayamba kutuluka, kamodzikamodzi, atatu tsaya ili, atatu tsaya linalo. Pamodzi nato panatuluka makwinya onse, ozama kuposa a pankhope yeniyeni.

"Koma mwakalamba maningi apa, amai."

"Ni zaka zanga. Dindani."

A Tembo anabwelako titakolola kale. Anati Malita anatuluka nacho chithunzi padzuwa, nachiyang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa chala m'masaya, kenaka anati, "Yachitatu kumanzele ni yokhota. Nine n'namugwila mutu tsiku lija. Ananiluma chala, n'namutaya, wotema n'kuphonya."

Ambuya anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo, kenaka anadziphimba chitenje kumaso. Ine ndinayembekezela kuti avundukule, ndipo ndinayang'ana. Inalidi yokhota. Ndinachita manyazi kuti zaka zonsezo ndinkafunsa za nembo popanda kuziyang'ana bwino. Mwezi wotsatila anapita ndi a Tembo kukaona akulu awo, ndipo anakhalako mpaka mvula yoyamba.

Lelo ndine wojambula ku Nyimba, wa maukwati ndi maubatizo. Pafupifupi aliyense amati, "Muniwalitseko," ndipo ndimawalitsa, pakuti ndimadya momwemo. Koma akakhala munthu wachikulile, ndisanakhudze kanthu ndimafunsa kuti, "Pali chimene simufuna kuti nichotse?" Ambili amangoseka. Ena amakweza chala n'kuloza pankhope.