A Elisha ndi Lezala Lawo

"Iwe Wezzie, poti unafika Fomu 4, kodi leza ameneyu ndi mng'ono wake wa lezala?"

Anandifunsa choncho a Elisha Kamphinda, mkulu wa mpingo kwathu kuno ku Bowe, titakumana kuchigayo. Ndinakondwa, chifukwa chimalizireni sukulu akuluakulu amangondifunsa za tsiku lokwatiwa.

"Ayi bambo, leza ndi kuwala. Adokotala amakulozetsa m'diso, kachifunga kotchinga diso n'kuchoka. Sadula, magazinso satuluka."

"Ohoo, lezala lowala," anatero akugwedeza mutu, n'kukwera njinga.

Kuti mumvetse, a Elisha anagwirapo umesenjala pa ofesi ina ku Dowa boma. Kumeneko anatengako zinthu ziwiri: zolembera zitatu za m'thumba la malaya, ndi khalidwe losanena kuti "sindikudziwa". Mandala amene amavala anagula pamsika wa Mponela, ndi galasi wamba ngati la pawindo. Powerenga Baibulo amawatsitsira pamphuno n'kumasuzumira pamwamba pake. Koma kawafunseni za mvula, za feteleza, za matenda a nkhumba, yankho lilipo kale musanamalize funso.

Akazi awo, mayi Faines, ndiwo alimi enieni pakhomopo. Fodya yense amene bamboyo amadzitama naye ankasankha ndi mayiwa. Madokotala anawachotsa ng'ala mayiwa zaka zapitazo ndipo anayamba kuona bwino, koma chaka chatha chifunga chinabwereranso. Pano satha kusiyanitsa tsamba lofiira ndi lakuda, ndipo buku la nyimbo amangoligwira mwamwambo. Mwana wawo Mose, amene amakhala ku Lilongwe, anawapititsa kuchipatala cha maso. Kumeneko anati vutoli n'laling'ono, adzabwere adzawakonze ndi leza.

Mose ataimba foni, a Elisha anamva zawozawo. Tsiku lomwelo anakalengeza pamaliro, pamaso pa amuna anzawo, kuti madokotala a m'tauni akufuna kutema mkazi wawo mphini m'diso ndi lezala ngati asing'anga. Anthu anagwira pakamwa. Ndiye pondifunsa kuchigayo kuja sankafuna kudziwa ayi, ankafuna mboni.

Lamulungu lotsatira, atatha zolengeza, anavula mandala aja n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Abale, ife a Chikhristu mphini tinazisiya kalekale. Ngakhale mwana wathu Wezzie uyo, wa Fomu 4, wandivomereza kuti ndi lezala ndithu."

Tchalitchi chonse chinatembenukira kwa ine. Nthawi yoyamba dzina langa kutchulidwa kutsogolo, n'kutchulidwira bodza!

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi ichi. Popita kutchalitchi a Elisha amatsogola patali, mayi Faines akupapasa njira ndi ndodo m'miyala ya kuphiri kuja. Akafika pamtengo wa bulugamu, pamene anthu amayamba kuwaona, m'pamene amadikira n'kuwagwira dzanja. Azimayi amati, "Koma bambo awa n'ngachikondi!" Iwo n'kumwetulira ngati alandira satifiketi.

Dzana ndinawapeza mayi Faines kumjigo, akulephera kulunjika ndowa pampopi.

"Ndiwe Wezzie? Mwanawe, n'zoona unati ndi lezala?"

"Sindinatero, mayi."

"Ndinadziwa. Abambo ake a Mose akalavula malovu sabweza. Koma ndipite bwanji mpingo wonse ukudziwa kuti ndikukatemera mphini? Mose akuti ndikapitiriza kuzengereza malo anga apatsa wina." Anaseka pang'ono. "Ine lezala sindiliopa, ndinabereka ana asanu ndi awiri. Ndimangofuna ndidzaonenso nkhope ya mdzukulu wanga."

A Elisha sindingawatsutse m'tchalitchi, anthu angati ine mwana wa a Gabriel ndilibe mwambo. Koma Lachinayi amayi a Chigwirizano amakumana okhaokha, bambo aliyense salowamo, ngakhale wa zolembera zitatu. Ndapempha kale amayi a mpando kuti andipatse mpata. Ndikatenga lezala la bambo anga dzanja ili, tochi dzanja linalo, ndikawaunika m'maso mmodzimmodzi n'kuwafunsa ngati atuluka magazi. Amayiwo akamvetsa kuti kuwala sikudula, mayi Faines sakwera okha minibasi ya ku Lilongwe.