Jekete ya Ulusi Wofiira

Amene anandibweretsera nkhaniyo anali alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Anandipeza m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, chiperoni chitatseka phiri lonse. Unali mwezi wa Juni, chaka cha 2009. Ndinayamba ndamva mapazi okha, kenako chitenje chawo chinatulukira m'nkhungumo. Moni sanandipatse. Anangonditula dengu n'kunena kuti, "Alamu, tiyeni kunyumba. Kwabwera munthu wochokera ku Joni."

Mwezi umenewo unali utayamba kale moipa. Akapitawo athu anali ndi kawailesi kamene ankakakoleka pamtengo wa bulugamu pafupi ndi sikelo, ndiye ife podikira kupimitsa masamba tinkamva za dziko lonse. Ankati chuma chagwa kwa azungu, mafakitale akutsekedwa, kampani yaikulu yopanga magalimoto ku Amereka yagwada. Tinkaseka kuti, "Nanga azungu akasauka, tiyiyu amwa ndani?" Koma kusekako kunkathera pakhosi. Ndiye panali ndege ija inagwera m'nyanja yaikulu, anthu ambiri osapezeka. Mnzanga wina wothyola naye tiyi anafunsa kuti, "Abale awo aika chiyani m'manda?" Ine ndinati Mulungu ndiye akudziwa. Sindinkadziwa kuti funso limenelo lili pa ulendo wobwera pakhomo panga.

Munthu wa ku Joni uja anali bambo wina wa ku Chimaliro, amene ntchito inamuthera fakitale yawo itatsekedwa. Anakhala pakhonde, chipewa chili m'manja, ndipo pamiyendo pake panali jekete yobiriwira. Ndinaidziwa ndisanakhale pansi. Ndinaigula ndine pakaunjika ku Luchenza pamene mwana wanga wachisamba ankanyamuka kupita ku Joni, ndipo thumba lakumanzere ndinalisoka ndi ulusi wofiira chifukwa wakuda unali utandithera.

Bamboyo anati sitima inagunda munthu m'mamawa pafupi ndi zisakasa zimene Amalawi ankakhala. Nkhope sinkadziwika, koma jeketeyo aliyense ankaidziwa. Foni ya mwana wanga sinkapezekanso. Anzake onse anali pa ulova, kunyamula thupi sakanatha, ndiye boma la kumeneko linamuika. "Jeketeyi ndinaichapa, mayi," anatero. "Ndinati musaione mmene inalili." Mpaka lero ndimamuthokoza bambo ameneyo. Ananyamula chimene ankakhulupirira kuti n'choona, ndipo anachinyamula mwaulemu.

Achimwene, monga mwini mbumba, anagamula kuti maliro sangathe opanda manda. Kwathu kuno thupi likasowa timaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Abusa sanakondwe nazo, komabe anabwera kudzapemphera nafe pakhomo, ndipo amayi akumpingo anandigwira manja masiku onsewo. Achimwene anatsikira kudimba kukazula nthochi, ndipo anaiveka jekete ija n'kuikulunga m'nsalu yoyera. Nditaikhudza, inali yozizira ngati munthu wakufadi, ndipo madzi ake ankadontha n'kunyowetsa nsalu. Adzukulu okumba manda sanakumbe mozama. Ndinawamva akunong'onezana za woyimba wina wotchuka wa ku Amereka amene anamwalira sabata yomweyo, akuti dziko lonse likumulira. Ine ndinkalira nthochi.

Tinameta, katundu wa malemu n'kugawidwa. Mathalauza anapita kwa asuweni ake, njinga anatenga achimwene.

Patapita masabata angapo ndinabwerera kuntchito, pakuti munthu sudya misozi. Inali nyengo yodulira tiyi. Amuna anali atadula tchire lonse ndi zikwanje zawo zokhota, munda utasanduka zitsa zakuda zokhazokha, ndipo ife amayi tinkapalira m'mizere. Chiperoni chinali chisanachoke. Chakumasana anabweretsa ndowa ya tiyi wakampani, tikuti tiyambe kumwa, mnzanga wofunsa za ndege uja anataya kapu.

Kumapeto kwa mzere kunaima munthu. Wamtali, wowonda, atafunda bulangete lotuwa. Nkhungu inkamubisa n'kumuonetsanso. Sankayandikira, sankachoka. Kaimidwe kake, phewa limodzi lotsika, ndinkakadziwa kuyambira ali mwana.

"Ndondocha!" wina anakuwa, ndipo amayi anabalalika, makasu atasiyidwa m'mizere.

Amene simuli a kuno, ndondocha ndi munthu amene amati waphedwa mwamatsenga n'kudzutsidwa kuti azilimira wina. Amati amamudula lilime, n'chifukwa chake sayankhula. Ine ndine wa mpingo, zimenezi sindizikhulupirira ndikakhala m'tchalitchi. Koma tsiku limenelo ndinali m'munda, ndipo mwana wanga ndinali nditamumetera tsitsi.

Amuna odulira aja anabwera akuthamanga, zikwanje zili m'manja. Wina anakatenga achimwene, amene anafika pa njinga ali wefuwefu.

"Iwe ndiwe ndani?" anafunsa akapitawo ali patali. "Yankhula!"

Munthu uja anatsegula pakamwa. Milomo inagwedezeka, koma mawu sanatuluke. Anayesanso, kunangomveka mpweya. Ndinaona amuna aja akuyang'anana, wina akugwiritsa chikwanje. Pamenepo ndinazindikira kuti akapanda kuyankhula, mwana wanga ndimuika kawiri.

"Achemwali, musayandikire," anatero achimwene. "Musachikhudze chimenecho."

Ndinatunga tiyi m'ndowa muja, wotentha, utsi uli tolotolo. Mumtima ndinangoti, "Ambuye, ngati ndi wanga ndipatseni, ngati si wanga ndigwireni dzanja." Ndinayenda mzere wonsewo, kapu ili m'manja. Nditafika ndinamva fungo la thukuta ndi la dizilo wa basi. Zala zake zitakhudza zanga pakapu zinali zozizira, koma osati ngati nthochi ija.

Anamwa. Anatsokomola kwambiri mpaka kuwerama, n'kumwanso. Kenako anadzutsa mutu, n'kuyang'ana kudutsa ine, kudutsa zikwanje, mpaka kwa achimwene. Mawu anatuluka okhakhala ngati chitseko chadzimbiri.

"Amalume, keliyala ya njinga yangayo mwaichotseranji?"

Kenako akapitawo anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi pachitsa cha tiyi. "Ikani zikwanje pansi, anyamata! Mzukwa wa kuti umafunsa keliyala?"

"Inathyoka yokha," anatero achimwene, misozi ikutsika. "Iwe mwana iwe, inathyoka yokha."

Ine sindinaseke. Ndinangomugwira bulangete lija n'kugwada m'matope momwemo kuthokoza Mulungu.

Mawu atabwerera bwino anatifotokozera. Apolisi a ku Joni anamugwira pamsewu chifukwa cha mapepala, foni n'kusowera komweko. Anamusunga kumalo osungira anthu obwezedwa kwawo, kozizira koopsa, ndipo chifuwa chinamutseka pakhosi. Kenako anamukweza basi. Atatsika ku Luchenza, wakabaza amene ankamudziwa anathawa n'kusiya njinga pansi, ndiye iye anayenda wapansi osamvetsa chimene chachitika.

"Nanga jekete?" ndinafunsa.

Anati madzulo asanagwidwe anaibwereka mnzake amene ankagona naye chisakasa chimodzi, munthu wa ku Mozambique, chifukwa ankadzuka m'mamawa kukasaka ganyu ndipo analibe chofunda. Dzina lake lenileni sankalidziwa, ankangoitanana kuti achimwene. Ankadziwa kokha kuti kwawo n'kuseri kwa Milanje, ndipo anasiya mkazi ndi ana aang'ono.

Akubanja anati manda aja afukulidwe, thunthu litayidwe. Ine ndinapempha kuti asatero. Ndinati m'jekete ili mmenemo munafera munthu, ndipo munthuyo kwina kulikonse alibe manda amene wina angaloze. Achimwene anavomera.

Mvula itayamba, pamanda paja panatuluka mphukira. Achimwene anali atazula nthochiyo ndi chitsa chake chomwe. Lero ndi phata lalikulu, ndipo limabereka bwino, koma palibe amene amadya nthochi zake. Zimapsera pomwepo, mbalame n'kumadya. Ine ndimapita kukapalira. Kukakhala chiperoni masamba ake amadontha madzi, ndipo sindikhalitsapo.

Mwana wanga ali moyo, anakwatira, amagwira ntchito mufakitale ya tiyi konkuno. Tsiku lililonse ndimathokoza. Koma inu amene mwawerenga izi, mukamagwada kupemphera muzikumbukirako banja la kuseri kwa Milanje lija. Sitinalipeze, ndipo sindikudziwa ngati alipo amene anakaliuza. Mwina mayi uja akamva basi amatulukabe panja.