Chithunzi Chobisika Chimene Aliyense Anaona

Ndinayamba kulemba bulogu chifukwa chotopa ndi alendo. Ndimachapa ndi kusita pa loji ina ya alendo kufupi ndi paki ya nyama zakutchire, ndipo mlendo akangomva kuti kwathu ndi ku Kakumbi amandiuza kuti ndili ndi mwayi, ati ndimadzuka njovu zili pakhomo. Mwayi wake uti? Njovu imene iwo amaijambula ikumwa madzi ndi yomweyo imene imatidyera chimanga. Ndiye ndinatsegula tsamba langa pa intaneti kuti ndizilembapo zimene makamera awo saona.

Koma pokongoletsa tsambalo ndinaika chithunzi cha njovu pamwamba penipeni, ndipo chinandizunza. Munthu ukatumiza linki ya nkhani kwa anzako, foni imaonetsa kachithunzi pamwamba pa mutu wa nkhaniyo, ndipo kachithunziko imasankha yokha, osakufunsa. Ine inkandisankhira njovu. Ndilembe za kukwera mtengo kwa feteleza, njovu. Ndilembe za msewu wokokoloka ndi mvula, njovu. Tsiku lina ndinalemba za nkhokwe ya aneba athu imene inagwetsedwa, ndipo mlendo wina amene ndinamusitirapo malaya anaika timitima n'kulemba kuti n'zokongola zedi. Nkhaniyo sanaitsegule n'komwe. Ndinatsala pang'ono kuiponya m'beseni la sopo foni ija.

Amene anandithandiza ndi nesi wina wa pa kiliniki, wochokera ku chigawo cha migodi, yemwe ali ndi bulogu yake ya makeke.

"Ni easy, asisi," anatero. "Muikamo picture yamene mufuna, then muibisa na ka code aka. Wowerenga saiona, koma mukatuma link ndiye yamene ichoka pamwamba."

Zinathekadi. Ndinayamba kukonza chithunzi chapadera cha nkhani iliyonse, cholembedwa mutu ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuchibisa mkati. Pa tsamba sichinkaoneka, koma pa linki chinkatuluka bwinobwino. Njovu ija ndinathana nayo, ndipo ndinayamba kudzimva ngati katswiri.

Tsopano ndinene za amayi anga. Iwo ndi malemu bambo anatsika kuchokera kumtunda ine ndili wakhanda, kudzagulitsa mchere ndi sopo kuno kuchigwa. Abale sanakondwe nazo. Akulu awo a amayi, amene ine ndimawaitana kuti amayi aakulu, ananena poyera kuti akupita kukalimira njovu. Mawu amenewo amayi sanawaiwale. Bambo atamwalira, abale anawauza kuti abwerere, iwo anakana. Kuyambira pamenepo, akamalankhula ndi akumtunda, chaka chilichonse chimakhala cha zokolola zambiri. Ngakhale chaka chimene tinkagula ufa wa m'timapepala, anapita kukacheza atasenza mpunga ndi mtedza wogula pamsika, n'kukanena kuti ndi za m'munda mwawo. Amayi angalole kugona ndi njala, koma osati akulu awo adziwe kuti ananena zoona.

Chaka chimene ndikufuna kunenachi chimanga chinachita bwino, ndipo tinali titayamba kale kuotcha mondokwa. M'mawa wina tinapeza munda uli ngati bwalo la mpira. Zingwe zopaka tsabola zimene tinazunguliza zinali zitaduka, mapesi ali pansi, ndowe paliponse. Amayi sanalire. Anangokhala pamzere, opanda duku, atavala chitenje chong'ambika chogwirira ntchito, phesi lothyoka lili m'manja. Ine ndi mkwiyo wanga ndinatulutsa foni n'kujambula. Ndinkafuna anthu a timitima aja aone.

Ndinalemba nkhani n'kulowetsamo chithunzicho. Kulowetsa chithunzi kwathu kuno si masewera: umaima pachulu kuseri kwa sitolo, dzanja m'mwamba, dzuwa likukuotcha, kwinaku kamzere kakuyenda ngati kakudwala. Chitalowa ndinachifufuta mufoni chifukwa malo anali atatha. Kenako, ndisanatulutse nkhaniyo, ndinawaonetsa amayi.

"Chotsa," anatero.

"Amama, anthu afunika aone zimene njovu zikutichita."

"Aone munda. Ine ndine munda? Chotsa, iwe mwana. Akaona akumtunda?"

Ndinamva. Koma kufufuta kunali kutaya chithunzicho mpaka kalekale, ndipo chinali chithunzi cha amayi anga. Ndiye ndinachibisa ndi ka code ka nesi kaja. Ndinakonzanso china cha munda wokhawokha, cholembedwa mutu, n'kuchibisa pamwamba pake kuti makinawo ayambe kupeza chimenecho. Ndinatsegula tsamba n'kuwaonetsa. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, sanadzipeze, anagwedeza mutu n'kupita kukathyola chibwabwa chimene chinapulumuka.

Mawa lake masana, ndili pa loji, foni inayamba kulira motsatizana. Msuweni wanga wina wa kumtunda amawerenga bulogu yanga, ndipo mwa ubwino wake anaponya linki ija m'gulu la pafoni la abale onse. Ndinatsegula gululo. Pamwamba pa mutu wa nkhani panali amayi, opanda duku, phesi m'manja. Pa zithunzi ziwiri zobisika, makina opanda nzeru aja anasiya chimene ndinawakonzera n'kutola chachikulu.

Ndinasiya nsalu m'madzi n'kuthamangira kumene netiweki imagwira bwino. Ndinafufuta chithunzicho, ulendo uno kufufuta kwenikweni. Ndinabwerera m'gulu muja: amayi ali pompo. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso: ali pompo. Ndinamuimbira nesi uja.

"Ah, sorry asisi," anatero. "Ikatenga picture imasunga. Mwina after two, three days izasintha."

Mwina! Chinthu chimene chimakana kukumbukira pasiwedi yanga tsiku ndi tsiku, lero chasanduka cha mutu wabwino? Ndinamupempha msuweni kuti achotse uthengawo, iye anachotsa, koma ena anali atautumiza kale m'magulu ena, la kutchalitchi ndi la maliro. Chithunzi sichinalinso mufoni mwanga, sichinalinso pa tsamba langa, koma chinali m'thumba la m'bale aliyense. Ndinakwiya, koma panalibe woti ndimukalipire.

Amayi alibe foni ya zithunzi, koma ali ndi anzawo a kwaya. Pofika kunyumba ndinawapeza atakhala pakhonde, duku atalimanga zolimba kumutu.

"Mwaswera bwanji, amama?"

"Unati wabisa."

"Ndinabisa, amama. Ndi makina amene..."

"Kubisa kwanu kwa masiku ano ndiye kumeneku? Ine ndikabisa chinthu, ngakhale khoswe sachipeza. Iwe wabisa, dziko lonse laona mutu wanga."

Ndinayamba kufotokoza kuti chimabisika kwa wowerenga koma osati kwa makina. Ndili mkati molankhula ndinadzimva ndekha kuti ndikunena zopusa, ndipo ndinasiya. Masiku otsatira amayi sanandilankhule kupatula kundiuza kuti madzi atha. Kafoni kawo kakalira, ankangoyang'ana dzina n'kukatembenuza. Ankadziwa amene akuimba, ndipo ankadziwa mawu amene akubwera, mawu amene anawathawa kwa zaka zonse za moyo wanga.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, amayi aakulu anaimba pa foni yanga. Sindikanawakanira. Ndinawapatsa moni, iwo sanataye nthawi.

"Mpatse mng'ono wanga. Ndikudziwa ali pompo."

Amayi anakonza duku ngati kuti akuoneka, anakhala mowongoka, n'kundiuza ndi maso kuti ndikweze mawu. Yankho anali atalikonza kale, ndipo sanadikire funso.

"Akulu, musamve za ana. Ndi kachigawo kochepa chabe kamene zinaponda. Munda wa kudambo uli bwino, mpunga ndiye osanena."

Kudambo tilibeko munda. Ndinayang'ana pansi.

Kenako amayi aakulu analankhula, ndipo mawu awo sanali amene tinkawadikira. Anali otsika, ngati a munthu amene wakhala akulira.

"Za munda ndani wakufunsa? Munda ndi munda, udzalimanso. Ine ndakulitsa chithunzi chija, ndayang'ana manja ako, ndayang'ana khosi. Iwe, waonda chonchi liti? Ukudwala? Ukudya?"

Ine ndinatembenuka n'kuwayang'ana amayi. Chithunzi chija ndinachijambula ndekha, ndinachidula m'mbali, ndinachiwalitsa, ndinalimbana nacho sabata yathunthu, ndipo ndinkangoonamo chimanga ndi mkwiyo wanga. Tsopano ndinaona bulauzi ya kutchalitchi ikulendewera m'mapewa, ndi mphete ya bambo itamangidwa ulusi kuti isavuke pachala. Ndimadya nawo mbale imodzi, koma zinatengera munthu wa kumtunda kuti aone. Ndinachita mantha.

"Ukundimva?" anafunsa amayi aakulu.

Amayi anatenga foni m'manja mwanga, anaigwira ndi manja onse awiri, ndipo mawu awo anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Ndikumva, akulu. Chiyambire mvula, chakudya chikumandikana."