Oyilo Wofiira wa mu Shoko

Njinga yamoto ija sinali yathu. Inali ya esiteti ya tiyi imene amuna anga ankagwirako ntchito yotsuka mabala ndi kubaya jekeseni, m'zaka zija za Chitaganya. Anawapatsa kuti aziyendera odwala a m'malaini akutali a nyumba za antchito, mpaka cha ku Chinakanaka. Anthu ankawaitana kuti adokotala, iwo osakana, ngakhale ine ndinkawaseka kuti dokotala wanji wolephera kusoka batani la malaya ake. Njingayo ankaikonda kuposa ine, ndipo ndinkawauza zimenezi osapsatira.

Mvula ya chaka chimenecho inakumba misewu, ndipo shoko imodzi yakumbuyo inayamba kudontha. Shoko ndi kachitsulo konga mpope, kovala sipuling'i, kamene kamameza mabampu kuti wokwera asathyoke msana. Mkati mwake mumakhala oyilo. Makaniko wa pa galaja ya esiteti analibe oyilo woyenera, ndiye anathiramo wina wa mathirakitala, wofiira psuu, n'kunena kuti shoko yatsopano ichokera ku Limbe bwana akavomera. Bwana sanavomere. Kudontha sikunasiye, ndipo pakhomo lililonse la wodwala pamene amuna anga aimika njinga, pankatsala timadontho tofiira pa dothi.

Pa awirife, woyamba kumva mphekesera ndinali ine. Ndikafika ku mtsinje kokachapa, nkhani inkangoti zii. Ndikapereka moni, amayi anzanga ankayankhira m'mphuno. Tsiku lina mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anandikokera kuseri kwa nsungwi.

"Alamu, musati mwamva kwa ine. Anthu akuti abambo kwanuko ndi anamapopa. Akuti akabaya munthu, magazi amakawathira mu chijekeseni chili kumbuyo kwa njinga chija, n'kupita nawo kwa azungu. Akuti pano chadzaza, n'chifukwa chake chikutayikira."

Ndinaseka, koma kusekako sikunapite patali. Mphekesera ya anthu opopa magazi sinali yachilendo kwathu kuno, ndipo tonse tinkadziwa kuti woloza chala chotere sadikira kupita nawe ku bwalo la milandu. Ndinachita mantha, ndinakwiyanso, chifukwa ena mwa onenawo ndi omwe ankagogoda pakhomo pathu mwana akatentha thupi.

Amuna anga atamva anangopukusa mutu. "Mayi, anthu amenewa ndawatsuka zilonda zaka zonsezi. Angandiyese mfiti chifukwa cha oyilo wa thirakitala?" Munthu wophunzira pang'ono ndi wovuta kumuopseza. Amaganiza kuti chinthu chikakhala chabodza ndiye kuti sichingaphe.

Kenako kunamwalira mwana wa mayi wina wamasiye, wothyola tiyi. Anali malungo. Amuna anga anamubaya jekeseni mochedwa kale, ndipo sanachire. Pa maliro amuna anga anapita pa njinga yomweyo, naiimika pafupi ndi siwa, ndipo pochoka anthu anaima mozungulira malo amene inaima, akuyang'ana pansi. Kuchokera apo odwala anasiya kubwera. M'njira ya kuntchito munayamba kupezeka chipika chopingasa. Masana, pa chulu cha kutsogolo kwa nyumba yathu, pankakhala amuna angapo ndi zikwanje zawo zodulira tiyi, osayankhula, osanola, kungokhala basi.

Amuna anga anati shokoyo akakonzera ku galaja. Ine ndinakana. "Abambo, chobisika ndicho chikutidyetsa. Mutsegulire pabwalo pano, masana, aliyense aone ndi maso ake." Anavomera. Makaniko uja titamupempha kuti abwere, anangotumiza masipanala, iye n'kudwala mutu mwadzidzidzi.

Linali Loweruka, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Sitinaitane munthu, koma bwalo linadzaza. Amuna a pa chulu aja anatsika n'kuima kumbuyo kwa amayi. Amuna anga anakhazika njinga pa chitsa, namasula mabauti a pamwamba ndi pansi, shoko n'kutuluka. Sipuling'i anaipanikiza ndi chingwe chopota mpaka inalola kuchoka. Atamasula chotsekera, anatulutsa kalabala kong'ambika n'kukakweza m'mwamba ngati aphunzitsi a Sande sukulu.

"Onani, abale, chodonthetsa ndi ichi. Ndidula china pa chikopa cha nsapato yakale, basi zatha."

Palibe anayang'ana kalabalako. Onse maso anali pa chitsulo chili m'manja mwawo.

Anandiuza kuti ndibweretse chothiramo oyilo wakale, ndipo ndinatenga chimene chinali pafupi, mbale yanga yoyera ya alendo. Anapendeketsa shoko, nayamba kukankha ndi kukoka kamtengo kake kachitsulo kuti zonse zituluke. Inkapuma ngati munthu wa chifuwa, ikulavula zofiira m'mbale yoyera. Mayi wina anagwira pakamwa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti nzeru yanga ija yatipereka. Tinali titawaonetsa ndi manja athu chijekeseni chikupopa.

"Bwerani mununkhize!" anatero amuna anga. "Ndi oyilo uyu!"

Palibe anasuntha, kupatula amuna a zikwanje aja, amene anayamba kudutsa pakati pa amayi pang'onopang'ono.

Koma amene anayamba kutifikira sanali mwamuna. Anali mayi woferedwa uja, mutu uli wometa. Anafika patsogolo, nagwada pa dothi lonyowa, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Adokotala, ine sindinabwere ndi mlandu. Mwana anapita, sangabwerere. Mungondipatsako akewo, ndikamuthirire pamanda, agone wathunthu."

Amuna anga anatsegula pakamwa. Ndinkadziwa chimene akufuna kunena, ndipo chinali choona. Koma ndinkaonanso kuti akangoti ndi oyilo, anthu amva kuti akumumana namfedwa magazi a mwana wake, zikwanje zili pomwepo. Ndinawaponda phazi mwamphamvu. Ndinanyamula mbale ija, n'kugwada nanenso, n'kuipereka ndi manja awiri.

Mayiyo anaivundikira ndi nsonga ya nsalu yake, nadzuka mosamala kuti pasatayike ngakhale dontho. Anthu anamupatukira, kenako anayamba kumutsatira cha kumanda. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi. Amuna aja anatsitsa zikwanje, natiyang'ana kanthawi, n'kutsatira anzawo. Pabwalo tinatsala awiri ndi njinga ya mwendo umodzi.

Amuna anga anakhala pansi n'kudula chikopa chija. Anachinyika mu oyilo wakuda wa injini, nachilowetsa, nathira oyilo yemweyo mu shoko, n'kumanga zonse. Atamaliza anati, osandiyang'ana, "Mwandivomerera mlandu umene sindinapalamule."

"Eya," ndinayankha. "Koma mukuyankhula."

Ndikanabwerera ku tsiku limenelo, ndikanaperekanso mbaleyo. Shoko sinadonthenso, chipika chinachoka m'njira, pa chulu panamera udzu. Palibe anatiponya mwala, ndipo panjira anthu ankavulira amuna anga chipewa kuposa kale. Koma palibe anawatambasuliranso mkono kuti amubaye jekeseni. Ankapita kuntchito, n'kuwiritsa majekeseni awo, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo mwana wathu woyamba atatentha thupi, mayi anga ondibereka anafika m'mamawa, namubereka kumsana, n'kupita naye kwawo bambo ake asanatsegule chikwama cha mankhwala.