Maluva a Ludovina

Ludovina anakulira ku Mithete akuona anthu akupukuta manja akapatsana moni ndi mchimwene wake Silvino, yemwe anabadwa wachialubino. Mgodi wamalasha utawasamutsira ku mudzi watsopano wotchedwa 25 de Setembro, iye anakwatiwa ndi Januário wokonza njinga, Silvino n'kupita ku Zóbuè kukagulitsa mbatata kwa oyendetsa malole. Dzuwa la pamsewupo linamudya khosi ndi makutu.

Kuchipatala anamupatsa pomada, mankhwala opaka opha tizilonda tisanasanduke khansa. Poti maso ake saona bwino, anabwera kudzakhala kwa Ludovina kuti ndiye azimupaka. Namwino anapatsa Ludovina maluva, zovala zam'manja zija, n'kumuchenjeza kuti mankhwalawo amalowa pakhungu la wopakanso, ndipo wapathupi asawakhudze n'komwe. Ludovina anangogwedeza mutu. Mimba yake inali ya miyezi iwiri, ndipo mimba yaing'ono siulutsidwa.

Tsiku loyamba anatulutsa maluva aja, Silvino n'kuseka kuti tsopano mlongo wake amugwira ngati maliro. Kunali kucheza chabe, koma Ludovina anakumbukira anthu opukuta manja aja. Anabisa maluvawo pansi pa mphasa n'kumapaka ndi zala, m'mawa ndi madzulo, masabata awiri.

Zala zinafiira, zinayamba kusenda. Lamlungu lina akudya, analephera kugwira nsomba chifukwa mchere unkamuwawa m'zala. Silvino anamugwira dzanja n'kulibweretsa pafupi ndi maso ake.

"Achemwali, maluva aja ali kuti?"

Iye anayang'ana pansi n'kuulula zonse, za mphasa ndi za mimba yomwe, mwamuna wake ali pomwepo. Januário anasiya kudya. Silvino anamusiya dzanja lija n'kufunsa:

"Ndiye mwana wa mlongo wanga apweteke chifukwa cha nthabwala yanga? Anthu aja ankapukuta manja posandifuna. Inu mukanavala pondifuna."

M'mawa mwake Silvino anapita naye kuchipatala. Namwino sanakalipe, anangoti aziyeza mimbayo pafupipafupi, ndipo kusakalipako kunamuwawa Ludovina kuposa zala. Ntchito yopaka inagwera Januário, Silvino akumuveka yekha maluva n'kumamunena kuti akupaka ngati girisi pa tcheni.

Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi, wamphumphu. Komabe mpaka lero akadwala ngakhale chimfine, Ludovina amayamba wayang'ana zala zake, osauza munthu chimene akuganiza.